Ma miners ena ndi ma minors

Mwana wa achemwali anga akukonzekera mayeso a chizungu otchedwa IELTS, ndiye poti pa banja pathu anthu amati ine ndimachidziwako chizungu, ntchito yomupangitsa dictation inagwera ine basi, palibe anandifunsa ngati ndikufuna. Ntchito yake siyovuta, ndimawerenga chiganizo mokweza, iye alembe, kenako tione limodzi. Ndimawerenga kamodzi kokha chifukwa ku mayeso enieniwo gawo la listening umamvera kamodzi, palibe zoti bwerezaninso sindinamve, ndipo ukaphonya sipeling'i yankho lonselo lapita ngakhale mawuwo unawamva bwinobwino.

Madzulo amene ndikunenawa mutu wake unali wa malonda achilungamo, zija za fair trade, child labour, supply chain ndi zina zotero, poti nkhani ngati zimenezi zimakonda kupezeka m'ndime zoyeserera. Ziganizo ndinazikonza ndekha nditawerengako za momwe mabatire a mafoni amapangidwira. Zoyambirira anadutsa nazo bwinobwino. Kenako ndinawerenga ichi: Some of the miners are minors.

Analemba, n'kuyang'ana pepala lake, n'kuyamba kuseka.

"Amalume, apa ndiye mwasokoneza. Ma miners ena ndi ma miners? Nanga enawo ndi ndani, aphunzitsi?"

Pa pepala paja panali miners kawiri, ndipo sindinamudzudzule ayi, chifukwa khutu lake silinamunamize. Mawu awiriwo amamveka chimodzimodzi ndendende, kaya awatchule wobadwira ku London kaya wa ku New York, kusiyana kulibe. Ndinangotenga bolopeni n'kusintha e wa mawu achiwiriwo kukhala o.

"Minor si zija za tinthu tating'onoting'ono? Ngati minor injuries?"

"Eya, komanso ndi munthu amene sanakwanitse zaka 18."

Anawerenganso pang'onopang'ono, milomo ikugwedera koma mawu osatuluka. Kuseka kuja kunangozima.

"Ndiye kuti ndi ana? Mu mgodi? Akukumba chiyani?"

Ndinamulozera foni yake imene inali pa tebulopo.

## Dictation inathera pomwepo

Sitinapitirizenso, mafunso anachuluka. Dziko la DR Congo limatulutsa pafupifupi 70 peresenti ya cobalt yense wa padziko lapansi, ndipo cobalt ameneyu ndi amene amalowa m'mabatire ambiri a mafoni, a ma laptop ndi a magalimoto amagetsi. Wambiri amakumbidwa ndi makampani akuluakulu a makina, koma gawo lina amakumba ndi anthu wamba, ndi mapiki ndi mafosholo, m'maenje akuya opanda chochirikiza chilichonse, cha ku Kolwezi uko kumwera kwa dzikolo. Pa chizungu amawatchula artisanal miners. Mu January 2016 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito kumeneko, ena a zaka 7 zokha, kutola miyala, kuitsuka, kusenza matumba, ndipo lipotilo linatchulanso chiwerengero cha UNICEF choti mu 2014 ana pafupifupi 40,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kumwera kwa dzikolo.

Iye akuti, "Nanga bwanji osangoletsa?" Ndinamuuza kuti zinaletsedwa kalekale, pangano nambala 182 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, loletsa ntchito zoopsa kwa ana ndi la mu 1999, ndipo pofika 2020 mayiko onse a m'bungwelo anali atalivomereza. Pa pepala nkhani inatha. Vuto ndi ulendo umene mwala uja umayenda: wokumba agulitsa kwa wogula wa pafupi ndi mgodi, uyo agulitsa kwa kampani yaikulupo, iyo itumiza kokayenga, nthawi zambiri ku China, kenako kwa opanga mabatire, kenako kwa opanga foni, moti pomafika m'thumba mwako wadutsa m'manja ambirimbiri ndipo aliyense atha kunena kuti ine ndinangogula, sindikudziwa anakumba ndani. Supply chain ndi imeneyo. Mawuwa anali atawaloweza kale m'kope mwake ndi tanthauzo la mu dikishonale, koma ndinaona kuti tsiku limenelo ndi limene anawamva.

Tsono chimene sichikundichoka m'mutu ndi ichi. Nditatsegula kope lakelo ndinapeza mndandanda wa ma homophones, mawu omveka mofanana koma olembedwa mosiyana, wolembedwa mwaukhondo, mizere iwiri, ndipo miner ndi minor analimo, atawachonga kuti awa ndawadziwa. Anawadziwadi. Koma pa nthawi yolemba, mutu wake unakana minor chifukwa mwa iye mwana ndi mgodi sizimakhala m'chiganizo chimodzi. Khutu limangobweretsa phokoso, amene amasankha sipeling'i ndi zimene ukudziwa za momwe dziko likuyendera. Ukapanda kudziwa kuti kuli ana okumba miyala, chiganizo chija chimangomveka ngati munthu wachibwibwi.

## Khutu lako lilibe mlandu

Anthu ambiri ophunzira chizungu amadziimba mlandu pa nkhani imeneyi, amati ine makutu anga ndi ouma. Inetu ndimati tiyambe tasiyanitsa mavuto awiri amene timakonda kuwaika m'thumba limodzi.

Loyamba ndi lathu ndithu. Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha, a e i o u, pomwe chizungu cha ku Britain chili ndi pafupifupi 20, ndiye live ndi leave, ship ndi sheep, work ndi walk kwa ife zimagwera pamodzi ngakhale kwa eni ake zimasiyana. Onjezanipo nkhani ya l ndi r ija, mupeza munthu walemba collect price pofuna kunena correct price. Vuto ili limatha ndi kumvetsera, ukamamva kawirikawiri khutu limazolowera.

Lachiwiri ndi la chizungucho, ndipo ngakhale umvetsere mpaka imvi sulithetsa ndi khutu. Chilankhulochi kalembedwe kake kanayamba kuuma William Caxton atabweretsa makina osindikizira mabuku ku England mu 1476, koma katchulidwe kanapitiriza kusintha, makamaka mavawelo, kuyambira m'ma 1400 mpaka cha m'ma 1700. Ndiye mawu amene kale ankamveka mosiyana, ngati sale ndi sail kapena meet ndi meat, anadzakumana pakamwa koma pa pepala aliyense anakhalabe ndi zilembo zake. W wa mu write ankatchulidwa. Gh wa mu weight linali phokoso lapakhosi limene linafa, zilembo n'kutsala. Kuwonjezera apo chizungu chinabwereka mawu ochuluka ku Chifalansa ndi Chilatini, ena n'kudzagundana ndi amene analipo kale. Eni akewo nawonso amalakwitsa their ndi there tsiku ndi tsiku, ndipo kompyuta siidula mzere wofiira chifukwa onsewo ndi mawu enieni.

Ife tisadabwe kwambiri, tili nazo zathu zotembenuza. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu timalemba mofanana, ndipo palibe amasokonezeka akawerenga kuti mtengo wa feteleza wakwera, palibe amaganiza za nthambi ndi masamba. Nkhaniyo ndi imene imakuuza. Luso lomwelo ndi limene likufunika ku chizungu, kungoti kumeneko uyambe waidziwa nkhaniyo.

Ndipo chenjerani ndi timalamulo tachidule tija. Wina angakuuzeni kuti wogwira ntchito amathera ndi er, ngati farmer, buyer, miner. Chabwino, nanga tailor, inspector ndi auditor, onsewa si apantchito?

## Fair, fare, free

Kuyambira tsiku limenelo mndandanda uja tinausiya. Mawu awiri omveka mofanana timawaika m'chiganizo chimodzi chonena chinthu chenicheni chochitika pa malonda, mwachitsanzo The farmers wait while the buyer checks the weight. Ukaona m'maganizo alimi ali pa mzere, maso onse ali pa sikelo kuopa kuberedwa, wait ndi weight sizisokonezekanso.

Fair ndiye anatitengera nthawi. Fare ndi ndalama yolipira ulendo, pa basi kaya pa ndege, ameneyo savuta. Koma fair yemweyo ali pawiri, trade fair ndi chionetsero cha zamalonda, fair trade ndi malonda achilungamo, kungotembenuza mawu awiri nkhani yasinthiratu. Kenako pali free trade, amene kunena zoona samveka mofanana ndi fair trade koma ophunzira amawasinthanitsa kwambiri mu essay, pomwe awiriwa nthawi zina amakhala mbali zotsutsana. Free trade ndi kuchepetsa misonkho ndi ziletso za pa malire kuti katundu azidutsa momasuka, nkhani za ku WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko limene linayamba mu 1995. Fair trade funso lake ndi lina, likuti amene analima kapena kusoka chinthuchi analandira zingati.

Chizindikiro choyamba cha fair trade choika pa paketi chinatuluka ku Netherlands mu 1988, dzina lake Max Havelaar, ndipo chinali pa khofi wa alimi ang'onoang'ono a ku Oaxaca, Mexico. Chaka chotsatira mgwirizano wa mayiko umene unkagawa kuchuluka kwa khofi wotumiza kunja unasokonekera, mitengo n'kugwa pansi, ndiye ganizo loti mlimi akhale ndi mtengo wosatsika kupitirira apa linapeza omvera ambiri. Mu 1997 mabungwe a m'mayiko osiyanasiyana analumikizana n'kupanga limodzi ku Bonn, Germany, limene lero ndi Fairtrade International. Apa pali kanthu kakang'ono kamene ndimakonda kuonetsa anthu: Fairtrade wolemba mophatikiza, F wamkulu, ndi chizindikiro cha bungwe limenelo chokhala ndi malamulo ake ndi oyendera ake, pomwe fair trade wa mawu awiri ndi ganizo chabe. Pakamwa zimamveka chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi kampata kamodzi ka pa kiyibodi.

Mawu awiri ofunika kuwadziwa pamenepa ndi minimum price ndi premium. Minimum price ndi mtengo wa pansi penipeni umene wogula sangatsikepo ngakhale msika ugwe, ndipo mu August 2023 wa khofi wa arabica wotsukidwa unakwera kuchoka pa $1.40 kufika pa $1.80 pa pound imodzi. Pound imeneyi ndi ya sikelo, magalamu 454, osati ndalama ya ku Britain ayi, msampha winanso umenewo. Premium ndi ndalama yapamwamba pa mtengowo, 20 cents pa pound ya khofi, imene imapita ku kopaletivi kuti alimi agwirizane okha chochita nayo, kaya sukulu, kaya mjigo, kaya nyumba yosungira mbewu.

Sindikunena kuti chizindikirochi chinathetsa zonse. Ofufuza a ku yunivesite ya SOAS ku London mu 2014 anapeza kuti m'madera ena a ku Ethiopia ndi Uganda, aganyu olembedwa ntchito m'minda ya m'madera a Fairtrade ankalandira zochepa poyerekeza ndi a kwina. Mwini munda atha kupindula koma womulimira osaona kusintha. Kwa wophunzira chizungu phindu lake ndi loti farmer, smallholder ndi labourer si munthu m'modzi, ndipo ukawasakaniza mu essay wataya mfundo yonse.

## Thonje ndi malaya

Nkhani ya zovala ndiye yadzaza ndi mawu amenewa moti umadabwa. Sow ndi kufesa, sew ndi kusoka, onse amatchulidwa ngati so. Thonje limakhala sown, malaya amakhala sewn, phokoso limodzi, ntchito ziwiri, anthu awiri otalikirana mayiko amene mwina onse salandira zokwanira. Dye ndi kunyika nsalu mu utoto, die ndi kufa, ndipo dyeing ndi dying amasiyana ndi e m'modzi yekha.

Pa 24 April 2013 nyumba ya nsanjika 8 yotchedwa Rana Plaza inagwa ku Savar, pafupi ndi Dhaka ku Bangladesh. Munali mafakitale osoka zovala zogulitsa ku Ulaya ndi ku America. Dzulo lake m'makoma munali mutaoneka ming'alu, banki ndi mashopu a pansi anatseka, koma osoka anauzidwa kuti abwerere pa makina. Anafa anthu 1,134, ovulala kupitirira 2,500. Mawu ngati sweatshop, fast fashion ndi safety inspection amene amapezeka m'mabuku ophunzirira chizungu masiku ano, amakumbutsa za tsiku limenelo.

Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa a osoka zovala ku Bangladesh anali 3,000 taka (ndalama ya kumeneko) pa mwezi. Chakumapeto kwa chaka chomwecho anakwera kufika 5,300, ndipo mu December 2023 anafika 12,500 pomwe mabungwe a ogwira ntchito ankafuna 23,000. Apa ndi pamene kusiyana kwa minimum wage ndi living wage kumaoneka poyera. Minimum wage ndi imene lamulo lanena kuti usalipire pansi pa apa. Living wage ndi imene ingakwanire munthu ndi banja lake kudya, kulipira lendi, sukulu, chipatala, mayendedwe n'kutsalako pang'ono pa zadzidzidzi, atagwira maola oyenera osati mpaka usiku. Kampani itha kunena zoona ndithu kuti timalipira motsatira lamulo, koma wantchitoyo akugona ndi njala.

Pa living wage mwana uja analemba leaving wage, lija vuto lathu la i wautali ndi wamfupi. Nditamuonetsa anati, "Koma amalume nayonso iliko, ndi ija imakupangitsa kusiya ntchito." Ndinaseka mpaka misozi, ndipo sindinapeze chomutsutsa nacho.

## Mawu a pa paketi

Pali mtundu wina wa mawu ofanana umene mabuku a galamala saunena, ndipo kwa ine ndi umene uli woopsa kwambiri. Ethical, sustainable, responsibly made, eco-friendly, natural. Sipeling'i zake n'zosiyana, katchulidwe n'kosiyana, koma kwa wogula onse amamveka ngati akunena chinthu chimodzi, kuti gula usadandaule. Ambiri mwa mawu amenewa pawokha sakutsimikizira kanthu, kampani imangodzilembera. Ngakhale premium yemwe uja, ukamuona pa paketi kuti premium quality akungotanthauza kuti katundu wapamwamba, alibe chochita ndi ndalama ya kopaletivi ija.

Mawu amene ndimamuuza kuti aziwasaka ndi certified, kenako afunse kuti certified ndi ndani. Ndiye audit, kutanthauza kuti wina wakunja anapita kukaona mabuku, kukacheza ndi antchito, kukayendera malo. Ndiye traceable, kuti katunduyo utha kumulondola m'mbuyo mpaka kumene anachokera. Ngakhale amenewa si a Mulungu ayi, audit itha kukhala ya tsiku limodzi lodziwika kale aliyense atasesa pabwalo, komabe pali munthu woti n'kumufunsa. Chizungu chili ndi dzina la mchitidwe wodzikongoletsa ndi mawu okoma opanda ntchito kumbuyo, greenwashing, limene anayambitsa ndi Jay Westerveld mu 1986 podandaula za mahotela opempha alendo kuti asamasinthe matawulo tsiku lililonse ati posamalira chilengedwe, pomwe chenicheni kunali kuchepetsa ndalama zochapira.

Principle ndi principal nawonso amakonda kupezeka m'malo omwewa. Kampani ikalemba our principles ikunena mfundo zimene imati imayendera. Principal ndi wamkulu kapena chachikulu, principal buyer ndi wogula wamkulu, komanso pa ngongole ndi ndalama yeniyeni imene unabwereka kupatula chiwongoladzanja. Profit ndi prophet sindinachedwe nawo, amenewo anawagwira msanga ndi nthabwala zimene sindilemba pano.

## Za source ndi sauce

Kanthu kena kamene tinapunthwa nako posachedwapa ndi kakuti mawu ena amafanana kutengera amene akuyankhula. Ethically sourced ndi mawu otchuka kwambiri pa nkhani zimenezi, kutanthauza kuti zipangizo anazipeza m'njira yoyenera. Munthu wa kumwera kwa England kapena wa ku Australia satchula r wa pambuyo pa vawelo, ndiye source ndi sauce kwa iye ndi phokoso limodzi, chimodzimodzi court ndi caught, poor ndi paw kwa ambiri. Wa ku America kapena ku Canada r uja amamutchula ndithu, ndiye kwa iye mawuwa ndi osiyana kutalitali. N'chifukwa chake mindandanda ya ma homophones ya pa intaneti imatsutsana, wina walemba kuti awa ndi ofanana wina akuti ayi, ndipo onse akunena zoona za kwawo.

Ku IELTS amaika mayankhulidwe osiyanasiyana, a ku Britain, ku Australia, ku New Zealand, ku North America, ndiye sungangozolowera amodzi. Panopa ziganizo zina ndasiya kuwerenga ndekha, poti pakamwa panga nanenso pali mavawelo asanu omwe aja, timamvetsera nkhani za pa wailesi za mayiko amenewa n'kumaimitsa pakati kuti alembe. Sabata ino tili pa cheque ndi check, amene ku America amalemba check pa zonse ziwiri pomwe ku Britain ya kubanki ndi cheque, ndipo mayesowo amalola masipeling'i a mbali zonse ziwiri.